Nkhondo ya pa Nyanja ya Malawi: Kuyankha Makalata a Omvera

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Chazanga, kuno ku Lusaka. Akuti agogo awo anali a ku Likoma. Akufunsa kuti, kodi madzi a pakati pa Likoma ndi Chizumulu ndi a dziko liti, nanga nzoona kuti zombo zinamenyanapo?

KATSWIRI: Zikomo bambo. Zilumba ziwirizi nza Malawi, koma madzi ozizungulira nga Mozambique. Chizumulu chili kumadzulo kwa Likoma, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo mwera ukamakuntha asodzi amapaopa. Zilumbazi zinakhala mbali ya Nyasaland chifukwa amishoni a Anglican anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880.

Kumenyana kumene mukunena kunachitikira kumpoto, pa doko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Gwendolen, inanyamuka ku Nkhata Bay ndi Kaputeni Rhoades. Inapeza sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, nkuiombera. Kaputeni wa sitimayo, Berndt, mnzake wa Rhoades, anali asanamve nkomwe kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse yayamba, ndipo anagwidwa. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso kukaiwononga.

WOULUTSA: Mayi wina wa ku Matero akuti, kankhondo kakang'ono chonchi kanali ndi phindu lanji?

KATSWIRI: Amayi, nthawi imeneyo nyanja ndiyo inali msewu waukulu. Wissmann itafa, Angerezi anayamba kutumiza asilikali, chakudya ndi zipolopolo kuchoka ku Fort Johnston, Mangochi wa lero, mpaka ku Karonga popanda wowatsekereza. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya ku Likoma, inalandidwa kuti izinyamula asilikali.

Koma chimene chimandiwawa nchakuti katunduyo akatsika padoko ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, makolo athu a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Kuno ku Africa nkhondoyi inathera kwathu ku Zambia, pomwe mkulu wa asilikali a Majeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 Novembala 1918. Mfuti ya Gwendolen ikuonekabe ku Mangochi, koma mayina a osenza katundu aja sanasungidwe chotero. Ngati kwanu kuli nkhalamba yodziwa za makolo amene anapita ku tengatenga, ifunseni, mulembe, mutitumizire.