Nyimbo Yopanda Mawu

Kodi munamvapo nyimbo yopanda mawu pa wailesi? Palibe munthu wotsegula pakamwa. Zimangomveka zoimbira zokha basi. Ena amati nyimbo zotere ndi zongodikirira nkhani. Koma lero tiwerenga za nyimbo ina yotere imene inakondedwa kwambiri ku America, ndi za chimbale chimene inatulukiramo.

Mwini nyimboyi ndi Mason Williams. Iye anabadwa mu 1938 ku Texas, m'dziko la America. Ali mnyamata ankaimba nyimbo za anthu wamba, zija munthu amaimba yekha ndi gitala yake. Pambuyo pake anapeza ntchito yolemba nthabwala. Ankalembera Tom Smothers ndi mng'ono wake Dick, amene anali ndi pulogalamu yoseketsa anthu pa wailesi ya kanema. Mwaonatu, mkuluyu ankadyera mawu.

Ntchitoyo inamtangwanitsa zedi, mpaka gitala inangokhala pakona. Mu 1967 anaitenganso. Ankafuna kupeka kanyimbo koti aziimba pocheza ndi anzake, pamene gitala ikuzungulira kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kanyimboko sanakaikire mawu.

Dzina lake lili ndi nkhani. Iye anaitcha "Classical Gasoline". Mawu achiwiriwo amatanthauza petulo, mafuta a galimoto. Ankati nyimboyi ikhale ngati mafuta oyendetsa oimba gitala. Koma munthu amene ankakopera nyimboyi pa pepala anadula dzinalo, nalemba "Classical Gas". Linakhala lomwelo mpaka lero. Inu amene mwaphunzira kulemba, taonani zimene cholembera chimachita! Mwamwayi, m'kayankhulidwe ka ku America mawu oti "gas" amanenanso chinthu chosangalatsa, choncho kudulako sikunaononge kanthu.

Mu 1968 kampani ya Warner Bros. inatulutsa chimbale chotchedwa The Mason Williams Phonograph Record. Pa chikuto chake pali basi ya kampani ya Greyhound. Williams anali atasindikizapo chithunzi cha basiyo chachikulu ngati basi yeniyeni, chochita kupinda ndi kuika m'bokosi. Anali munthu wokonda kuyesa zachilendo, ndipo chimbale chake chinatengera mwini. Muli nyimbo zachikondi zoimba pang'onopang'ono. Muli nyimbo zanthabwala. Muli tina tatifupi kwambiri, toti usanakhale pansi bwino tatha kale. Ndiye muli zina zopanda mawu, mmene gitala ikuimba pamodzi ndi orchestra.

Kodi orchestra ndi chiyani? Ndi gulu lalikulu la anthu oimba ndi zipangizo zosiyanasiyana. Ena amaimba vayolini, imene amaikwecha ndi kauta monga achitira ndi kaligo. Ena amaomba malipenga. Ena amaimba zitoliro, ena ng'oma. Aliyense amakhala ndi pepala patsogolo pake, ndipo amawerenga mbali yake. Inde, nyimbo nayo imalembedwa ndi kuwerengedwa, ngakhale zilembo zake ndi zosiyana ndi zimene taphunzirazi.

Apa ndiye panali vuto. Gitala ya Williams sinali yamagetsi. Inali ya nsambo zanayiloni, ya liwu lofatsa. Lipenga limodzi lokha likhoza kuimeza. Nanga malipenga ambiri, mavayolini ndi ng'oma? Gitala ikamira, nyimbo yonse yatha, chifukwa mutu wake uli m'gitalamo.

Ntchito yokonza zimenezi inagwa kwa mnyamata wina dzina lake Mike Post. Iye ndi amene anagawira chipangizo chilichonse mbali yake ndi nthawi yake yolowera. Mukaimva nyimboyi, tcherani khutu motere. Poyamba gitala imayamba yokha, mwapang'onopang'ono, ngati munthu woyambitsa nyimbo pamtondo. Kenaka imafulumira, ndipo ng'oma ndi mavayolini zimalowa pambuyo pake. Pakati malipenga amabuma mwamphamvu kwa kanthawi. Akatero amapatuka, gitala n'kubweranso ndi mutu womwe uja. Zonsezi zimachitika m'mphindi zitatu zokha. Ine ndimaona kuti luso lalikulu la Post lili pa kudziwa nthawi yoti gulu likhale chete.

Anthu anaikonda. Mu 1968 momwemo inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, wa magazini ya Billboard. Mu 1969 inapata mphoto zitatu za Grammy, zimene ndi mphoto zazikulu za oimba m'dzikolo. Ziwiri zinapita kwa Williams, ina ya kupeka ndi ina ya kuimba. Yachitatu inapita kwa Mike Post chifukwa cha kakonzedwe kake. Post anadzatchuka pambuyo pake popeka nyimbo zotsegulira mapulogalamu a pa kanema monga The A-Team ndi Law & Order.

Tinene zoona, si nyimbo zonse za m'chimbalechi zimene zinapita patali. Zambiri za mawu zija anthu anaziiwala. Ena amati chimbalechi chili ngati dengu la pamsika, momwe muli tomato, sopo ndi singano pamodzi. Komabe kukhala pansi ndi kuchimvetsera chonse sikutopetsa, pakuti sudziwa chimene chikubwera.

Munthu wodyera mawu uja anthu amamkumbukira ndi nyimbo yopanda mawu. Mu 1987 anaijambulanso ndi gulu la Mannheim Steamroller. Oimba ena ambiri aiimbanso, ndipo Tommy Emmanuel wa ku Australia amaiimba ndi gitala imodzi yokha, popanda orchestra, monga mmene inayambira.

Mafunso

1. Kodi Mason Williams ankagwira ntchito yanji asanatulutse chimbale chake?
2. Dzina la nyimbo ija linasintha bwanji?
3. Chifukwa chiyani kunali kovuta kuphatikiza gitala ndi orchestra?
4. Lembani maina atatu a zoimbira zimene zimapezeka kwanuko.
5. Kambiranani ndi anzanu: pa gule wa kwanu, ndani amauza ang'oma nthawi yolowera ndi nthawi yoleka?