DAYODI NDI MPHAMVU YOKANKHA CAM'MBUYO

Pa chuthi capitaci mkulu wanga wa ku Lisasadzi anafuna kukonza chaja ya foni imene amafunsira mitengo ya fodya ku Kanengo. Anacotsa dayodi yopserera naikapo ina yocokera m'wailesi yakale, yofanana nayo ndithu maonekedwe. Atangolumikiza ku magetsi tinamva kuti phu! ndipo utsi unatuluka. Tsono anzanga, tiyeni tione cimene cinalakwika.

Magetsi a ESCOM sayenda njira imodzi ai. Amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi, koma batire la foni lifuna magetsi oyenda njira imodzi yokha. Nchito ya dayodi ndiyo kulola opita ndi kutsekereza obwerera, monga valavu ya njinga ilola mpweya kulowa m'chubu koma kuturuka ai. Komatu valavu iri yonse iri ndi polekezera mphamvu zace. Mphamvu yaikuru koposa imene ikankha dayodi cam'mbuyo aphunzitsi a sayansi amaicha peak inverse voltage, kapena PIV. Ikaposa muyeso wa dayodi, dayodiyo imabooka nilola magetsi mbali zonse ziwiri.

Timati magetsi athu ndi mavoliti 230, koma pacimake peni peni amafika 230 x 1.414, ndiwo mavoliti 325. M'chaja ya mkulu wanga munali dayodi imodzi ndi kapasita, kacipangizo kosunga magetsi. Magetsi akamapita, kapasita imadzala kufika 325. Akatembenuka amakoka ndi 325 mbali inayo, pamene kapasita ikali cigwirire 325 wace. Dayodi iri pakati isenza zonse ziwiri, 325 kuonjezapo 325, ndiwo mavoliti 650. M'machaja ena amaika madayodi anai, ndipo pamenepo iri yonse isenza 325 yokha.

Titayang'anitsitsa timalemba ta pa madayodi aja tinapeza kuti yakale inali 1N4007, imene ipirira mavoliti 1,000, ndipo yatsopanoyo inali 1N4001, imene ipirira 50 okha. Zonsezo nzazing'ono ngati njere ya mpunga ndipo zonse zinyamula ampeya imodzi, koma yacabeyo inasenzetsedwa katundu woposa muyeso wace ka 13. Ngakhale 1N4004, ya mavoliti 400, sikadakwanira.

Cotero musanasinthe dayodi, yambani mwawerengera PIV, kenaka sankhani ya muyeso woposerapo ndithu, pakuti nthawi ya mphezi magetsi amalumpha. Ndiponso cenjerani: kapasita imasungabe magetsi ngakhale mwazula chaja pa khoma, ndipo mavoliti 325 angathe kupha munthu. Musayese nchitoyi popanda aphunzitsi.

Nayi samu yoti muyese. Thiransifoma ipereka mavoliti 12 kwa dayodi imodzi ndi kapasita. Kodi PIV ndi mavoliti angati, nanga 1N4001 ingakwanire pamenepa? Perekani mayankho anu kwa akonzi a magazini ino.

Mnyamata wa Fomu 4