Kamera ya Mphuno Yaitali pa Bwalo la Hockey

Kuchokera ku Nkolokosa kupita ku Chichiri si patali. Kumeneko kuli bwalo la Kamuzu, kumene Bullets ndi Wanderers zakhala zikusewera mpira wamiyendo, ndipo pafupi pomwepo pali bwalo lina la kapeti la masewera a hockey. Mu 2023 matimu ochokera m'mayiko ena a mu Africa muno anabwera kudzapikisana mu Blantyre. Mukapita kukaonera masewera otere, mudzaona munthu ali m'mbali mwa bwalo atanyamula kamera ya mphuno yaitali, yonenepa ngati musi. Mphuno imeneyo dzina lake ndi lenzi. Lero tiona mmene imagwirira ntchito.

Tiyambe ndi masewerawo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11, aliyense ndi ndodo yake yopindika kumapeto. Bwalo ndi lalikulu, mamita 91 m'litali ndi 55 m'lifupi. Koma mpira wake ndi wochepa ngati lalanje, wolimba gwa, wolemera pafupifupi magalamu 160. Ukamenyedwa umathamanga moti diso limausowa. Mukajambula ndi foni muli pampando, osewera amaoneka ngati nyerere, mpirawo osaoneka n'komwe.

M'kati mwa lenzi muli magalasi angapo ondondozana. Kuwala kochokera kwa wosewera kumalowa pagalasi lakutsogolo, magalasi aja n'kukupinda ndi kukusonkhanitsa, mpaka kukagwera pa kachipangizo kakang'ono m'kati mwa kamera chakumbuyo. Pamenepo ndi pamene chithunzi chimabadwira. Pa lenzi iliyonse pamalembedwa nambala ya mamilimita, monga 50, 200 kapena 400. Nambala ikakhala yaikulu, lenziyo imaona malo ochepa koma imawakulitsa kwambiri.

Yesani izi kunyumba. Pindani pepala likhale ngati paipi, muliike padiso, muyang'ane phiri la Soche. Simuonanso phiri lonse, mungoona kadera kamodzi. Lenzi yaitali imachitanso chimodzimodzi, koma iyo imawonjezera china chimene pepala silingathe: kadera kaja imakakulitsa mpaka kudzaza chithunzi chonse. Lenzi ya 400 imakulitsa chinthu kasanu ndi katatu kuposa ya 50. Wosewera amene ali pa mtunda wa mamita 80 amaoneka ngati ali pa mamita 10 okha, thukuta likuonekera pachipumi. Mafoni ambiri sachita zimenezi. Mukatambasula chithunzi ndi zala, foni imangofufumitsa chomwe yajambula kale, n'chifukwa chake nkhope zimatuluka zachimbuuzi.

Komatu mphuno yaitali ili ndi vuto lake. Munathyolapo mango ndi nsungwi yaitali? Dzanja likangogwedezeka pang'ono, nsonga ya nsungwi kumwamba imapita uku ndi uku, bango osalipeza. Lenzi yaitali nayo imakulitsa chithunzi pamodzi ndi kunjenjemera kwa manja. Imalemeranso. Choncho ojambula ambiri amaikhazika pa ndodo ya mwendo umodzi. Amene alibe ndodo amakhala pansi, zigongono n'kuzitsamiritsa pamaondo.

Vuto lachiwiri ndi liwiro la osewera. Kamera ili ndi kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka ngati kuphethira kwa diso. Kakachedwa kutsekeka, wosewera amakhala atasuntha kale, ndipo chithunzi chimatuluka ngati inki yofufutidwa ndi madzi. Pojambula masewera, wojambula amakonda kuika nambala ya 1/1000. Ndiye kuti sekondi imodzi yagawidwa zidutswa 1,000, ndipo kachitseko kamatseguka kwa kachidutswa kamodzi kokha.

Nthawi yochepa chonchi imalowetsa kuwala kochepanso. Taganizani za mvula ya kanthawi: beseni limatunga madzi ambiri kuposa botolo, chifukwa kukamwa kwake n'kwakukulu. Ndiye chifukwa chake malenzi a masewera amakhala ndi galasi lalikulu kutsogolo, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale lenzi yotsika mtengo imajambula bwino. Kukachita chiperoni kapena dzuwa likapendeka, m'pamene kusiyana kumaonekera. Fulashi musayatse ayi. Kuwala kwake sikufika patali, ndipo amene ali pafupi kumamuthobwa m'maso.

Musananyamule kamera yotere, funsani kaye okonza masewera. Malamulo amasiyana bwalo ndi bwalo, ndipo pampikisano waukulu malo a m'mphepete mwa bwalo amasungira atolankhani okhala ndi chiphaso. Pageti lankhulani mwaulemu: "Zikomo bambo, kodi kamerayi ndingalowe nayo?" Mukakhala pakati pa anthu, mphuno ija isatchinge anzanu, nawonso abwera kudzaonera. Ngati akusewera ndi ana asukulu, pemphani chilolezo kwa aphunzitsi awo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi mpira uja. Pomenya mpira wa chilango wotchedwa kona yaifupi, osewera otchinga golo amavala zophimba kumaso poopa kuvulala. Wojambula alibe chophimba chilichonse, ndipo diso lake likakhala m'kamera amangoona kadera kochepa, ngati mmene zinalili ndi pepala lija. Mpira wochokera chakumbali sauona. Choncho musaime kumbuyo kwa golo popanda waya wotchinga. Khalani chakumbali, dzuwa likhale kumsana kwanu, ndipo diso limodzi likakhala m'kamera, linalo mulisiye lotsegula kuti lizitsatira mpira.