Axcil Jefferies ndi sayansi ya mabuleki: liwiro likawirikiza, chimachitika n'chiyani?

Ndikafunsa ana a sukulu kuti woyendetsa galimoto ya mpikisano amaphunzira chiyani, ambiri amayankha kuti kuthamanga. Ine ndimati ayi. Kuponda mafuta aliyense angathe. Chovuta ndi kuima ndi kukhota, ndipo apa m'pamene pagona Physics yomwe mukulemba m'makope anuyo.

Tiyeni titenge chitsanzo chapafupi. Axcil Jefferies ndi wa ku Zimbabwe, anabadwa mu 1994. Anayamba ali mwana ndi ma kart, timagalimoto tating'ono topanda denga. Mu 2009, ali ndi zaka 15, analowa mpikisano wa Formula BMW Pacific ku Asia ndipo anamaliza chaka ali wachitatu. Mu 2012 anali mu Formula Two, ndipo mu 2014 anafika mu GP2, lomwe panthawiyo linali khwerero lomaliza munthu asanalowe Formula 1. Mu Formula 1 sanalowe. Masewerawa amadya ndalama zambiri, ndipo luso lokha popanda othandiza silifikitsa munthu pamwamba.

Galimoto za mipikisano imeneyi zimakhala za mpando umodzi, matayala ali poyera. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti ya Formula BMW inkayenda ndi injini ya njinga yamoto ya BMW, ya pafupifupi 1,200cc. Ndi m'bale wake wa njinga za kabaza zomwe timakwera kuno ku Chiwamba, kungoti izi injini zake n'zazing'ono kwambiri. Malamulo a sayansi ndi amodzimodzi kwa onse awiri.

Lamulo loyamba: mphamvu ya chinthu choyenda

Mukukumbukira kinetic energy? KE = ½mv². Yang'anani ka 2 kali pamwamba pa v. Kakutanthauza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imafika kasanu ndi kanayi. Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa mphamvu yonseyo kukhala kutentha. N'chifukwa chake mabuleki a galimoto za mpikisano nthawi zina amafiira ngati makala a pambaula.

Lamulo lachiwiri: tayala ndi msewu

Mabuleki amagwira tayala, koma chomwe chimaimitsa galimoto ndi friction ya pakati pa tayala ndi msewu. Mtunda woimira timaupeza motere: d = v² ÷ 2μg. Tiyerekeze kuti pa tala wouma μ ndi 0.7, ndipo g ndi 10.

Pa 30 km/h, v ndi mamita 8.3 pa sekondi. Mtunda woimira ndi pafupifupi mamita 5.

Pa 60 km/h, v ndi mamita 16.7 pa sekondi. Mtunda ndi pafupifupi mamita 20.

Mwaona? Liwiro kawiri, mtunda kanayi. Tsono pa msewu wa fumbi kapena wamatope, μ imatsika. Ikatsika ndi theka, mamita 20 aja amasanduka 40. Ndiye musaiwale kuti ubongo nawo umatenga nthawi. Woyendetsa akachedwa sekondi imodzi yokha kuponda buleki ali pa 60 km/h, wayenda kale mamita pafupifupi 17 asanayambe n'komwe kuima.

Lamulo lachitatu: mapiko ozondoka

Nanga bwanji galimoto za mpikisano zimakhota pa liwiro loopsa osaterereka? Zili ndi mapiko kutsogolo ndi kumbuyo, ofanana ndi a ndege koma ozondoka. A ndege amanyamula, awa amakanikizira galimoto pansi. Mphamvuyi amaitcha downforce. Tayala likakanikizidwa kwambiri, limagwiranso msewu kwambiri. Downforce nayo imakula ndi v², choncho galimoto ikamathamanga m'pamene imamatirira pansi.

Thupi la woyendetsa limamva zimenezi. Mu Formula 1, akaponda buleki mwamphamvu amatha kumva 5g. Ngati mutu ndi chipewa zikulemera makilogalamu 6, khosi limakhala ngati likukokedwa ndi makilogalamu 30, kuposa theka la thumba la chimanga. N'chifukwa chake achinyamata ngati Jefferies amakwera khwerero limodzilimodzi, kuti khosi ndi ubongo zizolowere.

Tibwerere kwathu

Njinga ya kabaza ilibe mapiko. Ikathamanga, friction yake siwonjezeka, chomwe chimawonjezeka ndi mtunda woimira basi. Woyendetsa mpikisano ali ndi chipewa cholimba, malamba, msewu wopanda mbuzi, ngolo kapena ana odutsa. Wa kabaza wanyamula anthu awiri ndi thumba la feteleza, mabuleki ake omwe aja akulimbana ndi m yokulirapo.

Ndiye mukakwera njinga pa msewu wa Mchinji podutsa pa Namitete, kapena pa njira za fumbi za ku Nsaru, musachite manyazi kunena kuti, "Achimwene, chepetsani pang'ono." Inu mukudziwa masamu ake.

Yesani nokha: njinga ikuyenda pa 90 km/h pa tala wouma, μ ndi 0.7. Sinthani liwirolo likhale mamita pa sekondi, kenako pezani mtunda woimira. Mukapeza, pitani pa bwalo la mpira la pasukulu panu mukawerenge mapazi, muone kutalika kwake ndi maso anu.