Injini ya Dizilo pa Bwato: Kusankha ndi Kusamalira

Kuno kwa Mburuma bwato ndi chida cha mlimi monga khasu, pakuti limanyamula chimanga, nthochi ndi nsomba kutsikira ku Feira, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi moyang'anizana ndi Zumbo. Injini ikazima pakati pa madzi, pamene pali mvuu ndi ng'ona, katundu ndi miyoyo zimakhala pangozi. Kawirikawiri injini imazima chifukwa cha zinthu zazing'ono zimene mwini wake akanatha kuzipewa ali pamtunda.

Posankha injini, tiyambe tafunsa ngati zipangizo zake zimapezeka. Injini ya silinda imodzi, yofanana ndi yoyendetsa chigayo kapena pampu yothirira, amakaniko athu amaidziwa, ndipo masipeyala ake amagulitsidwa ku Lusaka. Ya mtundu wachilendo, ngakhale itsike mtengo, idzagona pakhonde miyezi yambiri kudikira kachitsulo kamodzi. Mphamvu yake ilingane ndi bwato lodzaza likukwera mtsinje. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale, tiilize itazizira. Yovuta kulira m'mawa ndiye kuti yatha mkati.

Injini ya dizilo ilibe pulagi. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utentha kwambiri, kenaka injekita imafaza dizilo ngati nkhungu, nayaka yekha. Timabowo ta injekita ndi tating'ono zedi, motero fumbi kapena madzi pang'ono amatiwononga. Dizilo wa m'zigubu tizimusiya tsiku lathunthu kuti madzi ndi zinyalala zikhale pansi, tithire wapamwamba kudzera m'sefa, wotsalira pansi tisamugwiritse ntchito. Thanki isaume paulendo, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi injini siliranso mpaka titamasula kabawuti ka pa fyuluta ndi kupopa kufikira thovu litatha.

Oilo tiziona m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo tizisintha pa maola amene buku la injiniyo lanena. Akaoneka woyera ngati mkaka, madzi alowamo, ndipo ulendo uyambe waima. Madzi a Luangwa amadzaza matope m'dzinja. Tikawathira m'thanki yoziziritsa injini osawadikhitsa, matopewo amatseka njira, injini n'kutentha. M'chilimwe mtsinje umaphwa, ndipo propela ikamenya mchenga imapindika ndi kugwedeza shafiti, choncho pamalo osaya tizichepetsa moto.

Utsi nawo umatiuza matenda. Wakuda ukusonyeza katundu wopyola muyeso kapena sefa ya mpweya yotsekeka. Wabuluu ukutanthauza kuti oilo akupsa chifukwa maringi atha. Woyera wosaleka injini itatentha ukuloza ku madzi kapena injekita yosafaza bwino. Pampu ya dizilo ndi injekita tisazitsegule tokha pamchenga. Zimenezi ndi za makaniko wokhala ndi zida zoyezera.

Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February. Miyezi imeneyi, tikaweruka kumunda, ndiyo yotsuka thanki, kusintha mafyuluta ndi kumanga mabawuti olekera. Aliyense akhale ndi kabuku kolembamo maola a injini ndi tsiku losinthira oilo. M'bwato musasowe fyuluta yapadera, masipanala, chingwe ndi nkhafi ziwiri, ngakhale injini ikhale yatsopano.