Lhasa Apso: Kagalu ka M'mapiri Ozizira Pakati pa Kutentha kwa ku Kafue

Lhasa Apso kwawo ndi ku Tibet, dziko lamapiri kumene mzinda wa Lhasa uli pamtunda wa mamita oposa 3,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja. Kumeneko amonke Achibuda ankasunga tiagalu timeneti m'kati mwa nyumba zawo. Agalu akuluakulu ankalondera pachipata, ndipo mlendo akawazemba, kagaluka ndiko kankauwa n'kudzutsa anthu. Mu 1933 Dalai Lama wa nambala 13 anapatsa Suydam Cutting wa ku America tiwiri ngati mphatso, ndipo mu 1935 bungwe la American Kennel Club linavomereza mtunduwu.

Kakakula kamafika masentimita 25 mpaka 28 paphewa, kamalemera makilogalamu 6 mpaka 8, ndipo kamakhala ndi moyo zaka 12 mpaka 15. Makutu ake ndi akuthwa, koma ndi kaliuma. Kamakonda eni nyumba, alendo sikawazolowera msanga, ndipo mwana wokakoka mchira kangathe kumuluma. Wofuna galu wothamangitsa akuba pabwalo asakeko mtundu wina, chifukwa ntchito ya aka ndi kuchenjeza basi.

Ntchito yaikulu ili pa ubweya. Ubweyawo ndi wa kumalo a chisanu, pomwe tauni ya Kafue ku Zambia ili m'chigwa cha mtsinje, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 okha, ndipo mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Ubweya wofika pansi ngati wa m'zithunzi umafuna kupesedwa tsiku ndi tsiku, apo ayi umapotana n'kumangana mfundo zopweteka khungu. Kakangodutsa pa chisoso kamabwerako njere zili thupi lonse. Nzeru yabwino n'kumakadula ubweya pakapita milungu 6 mpaka 8, osati kumeta mpala, poti khungu limapsa ndi dzuwa. Ubweya wa kumaso uzidulidwa kapena kumangidwa, popeza mtunduwu umavutika ndi matenda a maso. Kaziyenda m'mamawa kapena madzulo phula litazizira, madzi akumwa azikhala pamthunzi, ndipo pa ulendo wa ku Lusaka kasasiyidwe m'galimoto yotseka mawindo ngakhale kanthawi kochepa.

Nkhupakupa zimabisala bwino mu ubweya wotere, makamaka m'makutu ndi pakati pa zala. Kumadambo a Kafue Flats kuli ng'ombe ndi udzu wambiri, choncho kufufuza thupi lake madzulo aliwonse si kutaya nthawi. Galu akaleka kudya, nkhama n'kuyera, mkodzo n'kufiira, angakhale ndi matenda a nkhupakupa, ndipo afunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Dibi ya ng'ombe isagwiritsidwe ntchito mongoyerekeza, chifukwa mlingo ukalakwika pang'ono kagalu kotere kangathe kufa. Nthawi ya mvula kumabweranso mphutsi za pakhungu: ntchentche imaikira mazira pamchenga wa mkodzo kapena pansalu zonyowa, n'chifukwa chake zogonera zake ziziuma ndithu ndi kusitidwa.

Katemera wa parvo amayamba kali ndi milungu 6, wa chiwewe pa miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. Lamulo la ku Zambia la Control of Dogs Act limafuna kuti galu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera wa chiwewe. Thandizo limapezeka ku ofesi ya boma yoona za ziweto ku Kafue, ndipo matenda ovuta amaonedwa ku chipatala cha nyama cha pa University of Zambia.

Nsima yokha siikwanira. Pazikhala nyama, mazira kapena nsomba yochotsa minga. Anyezi, chokoleti ndi mafupa a nkhuku ophika n'zoopsa kwa galu.

Pogula pamafunika maso, chifukwa kuno kagalu kalikonse kaubweya wambiri kamangotchedwa Maltese, ndipo tambiri ndi tosakanikirana mitundu. Wogula aone mayi wake wa kagaluko ndi khadi la katemera, ndipo asatenge kamene sikanakwanitse milungu 8.