Malungo a Kompyuta ndi Machiritso Ache

Anzanga, tonse tidziwa kuti makompyuta a pa sukulu pathu pano ndi owerengeka, koma ife ofuna kuphunzirapo tiri ambiri. Imodzi ikafa, anthu atatu kapena anai athithikana pa ina, ndipo wina afika pa mayeso a MSCE zala zache zisanazolowere nchito. Chifukwa chache ndafuna kukufotokozerani za nthenda imodzi imene ivuta makinawa kawiri-kawiri, ndiyo kutentha kwa purosesa. Izi ndaziphunzira kwa aphunzitsi athu pamene tiwathandiza kusesa ndi kukonza m'chipindamo tsiku Loweruka.

Purosesa ndi kachipangizo kakang'ono, konga bokosi la machesi kukula kwache koma kopyapyala, kamene kakhala pa thabwa lalikulu lochedwa motherboard. Ndiko kawerengera ndi kulamulira zonse. M'kati mwache muli timaswichi tochedwa matiranzisita. Purosesa ya Intel 4004, imene inaturuka m'chaka cha 1971, inali nato 2,300, koma za masiku ano ziri nato mabiliyoni. Magetsi poyenda m'menemo asanduka kutentha, monga tinaphunzira m'Fizikisi. Purosesa wamba ingathe kudya mawati 65 kapena kuposa, monga babu lakale lija limene munthu sangaligwire ndi dzanja litayaka.

Tsono pali zinthu zitatu zimene ziiziziritsa. Choyamba ndi chitsulo cha aluminiyamu kapena mkuwa, cha mano ambiri ngati chipeso, chochedwa heat sink, chimene chikoka kutenthako. Chachiwiri ndi fani imene iuzira mphepo pa chitsulocho. Chachitatu ndi phala lotuwa lochedwa thermal paste, limene lipakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo kuti litseke timipata tosaoneka ndi maso, pakuti mpweya wotsalira m'timipatamo supititsa bwino kutentha. Chimodzi mwa zitatuzi chikalephera, malungo ayamba.

Zizindikiro zache nzosabisika. Fani ilira kwambiri, kompyuta iyamba ulesi, ndipo nthawi zina izima yokha munthu ali pakati pa nchito. Ichita dala podziteteza. Mapurosesa ambiri akafika madigiri 95 kapena 100 achepetsa liwiro lao, ndipo kutentha kukapitirirabe azimitsa makina onse. Taganizani, madigiri 100 ndi pamene madzi awira! Zimene simunasunge zitayika pomwepo, ndipo kuzima kotere kukachuruka mafayilo aonongeka.

Dokotala wanzeru sapatsa munthu mankhwala asanamuyeze. Nafenso tiyambe ndi kuyeza. Poyatsa kompyuta dinizani batani la Del kapena F2 kuti mulowe mu BIOS, m'mene makina ambiri aonetsa kutentha kwa purosesa ndi liwiro la fani. Ngati muli kapulogalamu konga Core Temp kapena HWMonitor, nakonso kathandiza. Kompyuta yongokhala, yosagwira nchito yolemetsa, iyenera kukhala pakati pa madigiri 30 ndi 50. Ikaonetsa 80 iri chikhalire, dziwani kuti pali vuto ndithu. Lembani nambalayo m'kope.

Kachiwiri, onani chimene purosesa iri kuchita. Pa Windows dinizani pamodzi Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager. Mukapeza pulogalamu imene iri kugwiritsa nchito purosesa pafupi-fupi yonse popanda chifukwa, itsekeni ndipo uzani aphunzitsi, chifukwa mwina ndi vairasi.

Kachitatu, onani pamene bokosi la kompyuta lakhala. Kawiri-kawiri mphepo yozizira ilowera kutsogolo ndipo yotentha iturukira kumbuyo. Bokosi likagunda chipupa, kapena likakhala pa dzuwa pafupi ndi zenera, lisowa popumira. Ena alifunditsa nsaru poopa fumbi ndipo aiwala kuichotsa poyatsa. Kumeneko kuli ngati kufunditsa bulangete munthu wothamanga. Pa mwezi wa Okutobala, pamene kwa anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kupyola madigiri 40, tisamale koposa, popeza fani singaziziritse bwino ndi mphepo yotentha kale.

Izi zikakanika, tsono nkutsegula bokosi, koma aphunzitsi alipo. Safunsa anadya phula. Zimitsani, zulani pulagi ku chipupa, ndipo gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze kanthu m'katimo, kuti magetsi a m'thupi mwanu, onga aja athetheka povula juzi usiku, asaononge zipangizo. Kabokosi kolowera chingwe cha magetsi musakatsegule konse, pakuti kasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Mudzaona fumbi litaundana pakati pa mano a chitsulo chija ngati thonje. Lichotseni ndi kabulashi kouma kapena chouzira mphepo, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Madzi ayi, ngakhale kuuzira ndi pakamwa, chifukwa malovu afika pa zipangizo.

Mutachotsa fumbi, yatsani bokosi liri chitsegulire, manja ali kutali, ndipo penyani fani. Ngati siizungulira, zimitsaninso ndi kuona ngati kachingwe kache kalowa bwino pa malo olembedwa CPU_FAN. Ngati izungulira mokoka kapena mokhwekhwereza, yatha, ifunika ina.

Potsiriza ndi phala lija, limene liuma pakapita zaka. Masulani chitsulo ndi kuchipotoza pang'ono-pang'ono pochinyamula, kuopa kuzulira kumodzi purosesa. Pukutani phala lakale mbali zonse ziwiri ndi kansaru koyera konyowetsa ndi sipiriti wa isopropyl. Pauma msanga. Ikani dontho limodzi la phala latsopano pakati peni-peni, kukula kwache ngati njere ya nandolo, ndipo bwezerani chitsulo. Pomanga masikuluu musamalize imodzi zina ziri chikhalire. Mangani pang'ono iyi, kenaka yopingasana nayo, kufikira zonse zitalimba mofanana. Ngati chitsulo nchatsopano, onani kunsi kwache: china chibwera ndi kapepala ka pulasitiki koyenera kumatula, ndipo china chibwera chitapakidwa kale phala.

Langizo langa lalikulu ndi ili: konzani chinthu chimodzi, yezaninso, lembani nambala, ndipo kenaka mupite pa china. Mukasintha zonse nthawi imodzi, kompyuta ingathe kuchira koma simudzadziwa chimene chinaidwalitsa, ndipo mawa mudzavutikanso. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Anzanga, makina awa anagulidwa ndi ndalama zambiri, ndipo ang'ono athu a Folomu 1 adzawafuna ife titachoka. Tisalowe m'chipindamo ndi nsapato za fumbi, titseke mazenera pa nthawi ya mphepo ya kamvuluvulu, ndipo tikamva fani ikulira mwachilendo tiuze aphunzitsi tsiku lomwelo.

Wophunzira wa Folomu 3